Thumba Limene Linali Pansi pa Benchi Langa

Anthu a pa Mphandula amanditchula a Sipanala. Dzina langa lenileni analiiwala kalekale, ndipo nanenso ndinatopa kuwakumbutsa. Ndakonza magalimoto zaka makumi anayi ndi zisanu, mpaka maso anayamba kuona nati imodzi ngati ziwiri. Masiku ano ntchito yanga ndi kukhala pakhonde n'kumakalipira ana odutsa osapereka moni. Koma lero sindikukalipirani, ana inu. Ndikufuna ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi uja wa mbewa, umene mukaumva mumaseka. Mulibe choseketsa m'menemo. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wa makolo akalekale, ndipo musalimbane nawo, mwina kwawo ndi momwemo. Kuno kwathu ine ndinalipo pamene unkabadwa, ndipo dzanja langa lilimo.

Kuseri kwa phiri lija kunali esiteti ya fodya. Itatsekedwa, katundu wake anagulitsidwa, ndipo pa katunduyo panali magalimoto awiri a bokosi kumbuyo, ofanana ngati mapasa: otuwa, olemera, a mphuno zikuluzikulu. Anthu anawatcha Mvuu. Imodzi anagula a Msinkhu a m'mudzi wa Chimbalame, mtunda wa maola atatu wapansi kuchokera pano. Inayo anagula mnyamata wogula ndi kugulitsa mtedza pano pa Mphandula, dzina lake Yobe Kachiwanda. M'boma lonse lino munalibe Mvuu yachitatu. Kampani imene inkapanga magalimoto amenewa inali itasiya kale, moti chitsulo chake chikatha, unkayenera kupemphera.

Awiriwa ankakumana pagalaja yanga. Tsiku lina a Msinkhu anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Elube, ndipo Kachiwanda, amene anabweretsa galimoto yake kuti ndingothira oyilo, anakhala mpaka dzuwa kupendeka akufunsa mafunso opanda mutu. Chaka chisanathe anakwatirana. Atakhala pachikamwini zaka ziwiri, anapempha chitengwa n'kubwera naye mkazi wake kuno. Anali munthu wabwino Kachiwanda, ndikuuzeni. Wodwala aliyense pano ankamunyamula, ngakhale wopanda kanthu m'thumba. Chilema chake chinali chimodzi: ankaopa maso a anthu kuposa mmene ankaopera njoka.

Kenaka a Msinkhu anamwalira. Mvuu yawo inali itafa injini miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo inangokhala kuseri kwa nyumba, itafunditsidwa lona, nkhuku zikuikiramo mazira. Koma miyendo yake inali yatsopano. Ndine ndinaimanga chaka chimenecho, ndi zitsulo zimene a Msinkhu anazipeza mwamwayi mu sitolo ina imene inkatsekedwa ku tauni.

Pa tsiku lometa, anthu atadzaza pabwalo, Kachiwanda anaona nkhuku itakodwa m'chingwe cha lona uja. Anapita kukaimasula, n'kutukula lonayo pang'ono. Basi, cholakwa chake chinali chomwecho. A Chikadza, mlongo wawo wa mayi a Elube, anali atalawa kachasu kuyambira m'mawa. Anaimirira n'kukuwa kuti aliyense amve:

"Taonani akamwini! Dothi la pamanda silinaume, iwo ayamba kale kuyeza chuma cha masiye!"

Ena anaseka, ena anagwetsa nkhope. Kachiwanda anasiya lona uja. Kenaka anamenya pachifuwa.

"Ine Kachiwanda, ndikadzakhudza ngakhale nati imodzi ya galimoto iyi, mudzanditchule wakuba mpaka kumanda!"

Mawa lake a Chikadza sanakumbukire n'komwe zimene ananena. Koma Kachiwanda anasunga mawu ake ngati mbewu.

Pano ndikufotokozereni kanthu kena, chifukwa inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, mpaka kujambulitsa mutagwirana mapewa. Nthawi imeneyo sizinali choncho. Mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera m'njira, ankapatukira kutchire, ngakhale muli chitedze. Akafuna kulankhulana, ankatuma munthu, kapena wina ankakhala kuseri kwa nkhokwe, winayo mbali inayo, aliyense akuyang'ana kwake. Unali ulemu, ndipo sindikuunyoza. Koma mayi a Elube, a Nangondo, ndi mkamwini wawo anali atakhala zaka zisanu osaonana m'maso. Tsono pamwamba pa mwambowo panabwera lumbiro lija.

Patapita zaka zitatu, Elube anaima. Aka kanali kachitatu. Kawiri konse anali atapita padera, ndipo kachiwiriko anatsala pang'ono kutsatira mwanayo. Anamwino a kusikelo anamuuza mosabisa kuti mwana uyu asadzayese kubadwira kunyumba. Mwezi wachisanu ndi chinayi ukadzangoyamba, apite akadikirire kuchipatala cha mishoni, ndipo akadzaona chachilendo nthawiyo isanakwane, athamange. Kuchipatalako unali ulendo wa ola limodzi ndi theka pagalimoto, koma pangolo linali tsiku lathunthu. Pa Mphandula panalibe galimoto ina koma Mvuu ya mwamuna wake. Moyo wa Elube unali pa matayala anayi amenewo, ndipo tonse tinkadziwa.

Mimba ili ndi miyezi inayi, Mvuu inayamba kugogoda kutsogolo. Ikaponda kabampu, gu! Ikakhota, gu-gu! Kachiwanda anabwera nayo kwa ine. Ndinaikweza pa jeke, ndinagwira tayala lakumanzere pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Linkasewera ngati dzino la nkhalamba.

Mukudziwa bolojointi? Gwirani m'chiuno mwanu, pamene mwendo walumikizana ndi thupi. Pali fupa lozungulira limene lalowa m'kachikho, ndipo ndi limene limalola mwendo kutembenuka koma osachoka. Galimoto nayonso ili ndi chitsulo chotero kumbuyo kwa tayala lililonse lakutsogolo. Mashokapu akatha, galimoto imangodumphadumpha, mumafikabe. Sipuling'i ikathyoka, mumamanga ndi mphira n'kuyenda pang'onopang'ono. Koma bolojointi ikazuka, tayala limagona pansi, ndipo pamenepo ulendo watha.

"A Kachiwanda, iyi yadyeka," ndinatero. "Yakumanjayi nayonso ikutsatira. Pezani zina msanga."

"Zipezeka, a Sipanala. Dziko ndi lalikulu ili."

"Dziko ndi lalikulu, inde. Koma ku Chimbalame ndi pafupi."

Anandiyang'ana ndwii. "Ngati mukufuna tizionanabe, dzina la mudzi umenewo musalitchulenso pa nkhani ya galimoto."

Pa ntchito yathu, munthu sapita kukagula chitsulo ndi pakamwa pokha. Umanyamula chakuthacho, chimene timati sampulo, kuti ukachiike pambali pa chinzake n'kuyerekeza ndi maso. Choncho ndinamasula bolojointi ija, Kachiwanda anaikulunga m'nsanza, n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Mvuu inatsala pagalaja yanga itakhalira zitsa.

Anayenda mwana wa eni ake. M'masitolo a zitsulo zatsopano ankangopukusa mitu. Mkulu wina wa imvi anatsegula chibuku chakale, anatsatira ndi chala mpaka pansi, n'kunena kuti, "Bambo, galimoto imeneyi anasiya kupanga inu musanamere ndevu." Kwa ogulitsa zitsulo zakale, kumene amaphwasula magalimoto akufa, sanena kuti palibe. Amati, "Ilipo bwana, takhalani pamthunzipo." Wina amathamanga ndi sampulo yako, amasowa ola lathunthu, n'kubwera ndi chitsulo chopakidwa girisi, chofanana ndithu. Kachiwanda anabwera nazo zotero kawiri. Yoyamba inali yaifupi khosi. Yachiwiri mabowo ake a mabawuti anali anayi, pamene ya Mvuu ali atatu.

Anapita ku Blantyre, anazungulira Ndirande yense ndi Limbe. Kumeneko anamuuza za Mvuu ina imene inafera kwa mkulu wina ku Chiradzulu. Atafika anapeza kuti anaigula anthu osula, ndipo inasanduka mbaula ndi makasu. Anaoloka malire kupita ku Chipata, anagona m'madepoti, anabwera atatupa mapazi, sampulo ija ili m'thumba la jekete. Miyezi iwiri inatha choncho, mimba ya Elube ikukula, Mvuu ili pazitsa.

Nthawi imeneyo ndi pamene a Nangondo anandiitanitsa. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chimbalame, ndipo ndinawapeza akusola mtedza pakhonde.

"A Sipanala, ndamva kuti apongozi anga akutha dziko kufuna chitsulo. Kodi chimene akufunacho m'chigalimoto cha malemuchi mulibe?"

"Chilimo, mayi. Ziwiri, zatsopano. Ndinamanga ndine."

"Ndiye mukudikira chiyani? Nkhuku zanga sizifuna miyendo yachitsulo. Masulani zonse zimene zingathandize."

Ndinagwira ntchito mpaka masana. Ndinachotsa mabolojointi onse awiri pamodzi ndi mikono yake, ndinazipukuta, ndinazipaka girisi, n'kuziika m'thumba la feteleza. Ndikumanga thumbalo panjinga, a Nangondo anandiimitsa.

"Koma mumve bwino. Musakawapatse ngati ndawatumizira. Munthu uja analumbira pamaso pa anthu chifukwa cha pakamwa pa mlongo wanga. Ndikawatumizira ndekha, adzati ndikuwayesa, kapena ndikuwaseka kuti alephera. Ine sindingayambe kulankhula ndi mkamwini za katundu, si mwambo wake. Akangotuma mawu, ngakhale amodzi, ngakhale kudzera mwa inu, muwapatse nthawi yomweyo. Koma ayambe ndi iwo. Mwandilonjeza?"

Ndinalonjeza. Ha, pakamwa panga! Ndinaona ngati ndi nkhani ya masiku awiri. Ndinafika nalo thumba lija n'kulikankhira pansi pa benchi la pagalaja, pamene makasitomala ankakhala podikira.

Mawa lake Kachiwanda anabwera n'kukhala pa benchi lomwelo. Zidendene zake zinkagunda thumbalo. Anali ataonda, maso atalowa m'kati.

"A Kachiwanda," ndinayamba, "mawu a munthu woledzera samangira nyumba. A Chikadza anaiwala kalekale. Bwanji mungondituma kwa apongozi anu? Simupita ndinu. Mungoti, 'A Sipanala, kandipemphereni.' Basi."

"Kuti mawa Chimbalame yense azidzati chiyani? Kuti uja anamenya pachifuwa uja wabwera chokwawa?"

"Adzanena sabata imodzi, kenaka adzapeza nkhani ina."

"Inu simunaimepo pabwalo anthu akukusekani."

"Nanga mayi a kunyumba?"

Ndinaona kuti mawu amufika pakhosi, ndipo ine mtima unali m'malere, dzanja litakonzeka kukoka thumba. Koma anameza malovu n'kuimirira.

"Ndipatseni sampulo yanga. Ndiona chochita."

Elube nayenso anayesa. Anandiuza yekha tsiku lina akuchokera kuchigayo, atatsamira mzati wa galaja chifukwa cha kulemedwa.

"Ndawapempha, a Sipanala. Ndati ndipite ndekha kwa amayi, galimoto ija ndi ya bambo anga, nanenso ndili ndi gawo. Akuti ndikangopita, ndiye kuti ndawavula pagulu. Ndiye ndingatani? Ndi amuna anga." Anaseka pang'ono, koma maso ali ndi misozi. "Ndikuopa, a Sipanala. Uyu ndikumumva akusewera, ndikufuna ndidzamuone."

Thumba linali mapazi atatu kuchokera pamene anaima. Ndikanangonena kuti, "Mwana wanga, usaope, zitsulo zili apa." Koma ndinaganiza za lonjezo langa kwa mayi ake, ndinaganizanso kuti mwamuna wake akadzamva adzati ndinapita kuseri kukamuchitira upo ndi akuchikazi. Ndinachita manyazi, ine bambo wamkulu wandevu. Ndinangomuuza kuti Mulungu alipo.

Patapita masiku atatu Kachiwanda anabwera ndi nzeru imene anaitola ku tauni. Ankafuna kuti nditsegule bolojointi yakuthayo, ndiikemo kachidutswa ka tayala, ndiikhome ndi hamala kuti igwire, kenaka ndiwotcherere chivindikiro chake.

"Zimenezo ine ayi," ndinatero. "Moto umafewetsa chitsulo. Isiya kugogoda, inde, koma tsiku lozuka sidzakuchenjezani."

"Ena akuyendera zomwezo."

"Ena ake, osati odzanyamula mayi wodwala pa mtsetse wa Gwaza uja wa panjira ya kuchipatala."

Anakwiya. Anapita nayo kwa mkulu wina wa kutsidya, wowotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko, amene sanafunse mafunso. Anabwera nayo yakuda ndi utsi, anaimanga yekha ndi masipanala obwereka, ine ndikuyang'ana, n'kutsitsa Mvuu pazitsa. Inayenda osagogoda. Anazungulira nayo msika kawiri akuliza hutala kuti anthu aone. Ine ndinapangana ndi mtima wanga kuti akadzabwera kudzathira oyilo, ndidzasintha mwakachetechete, iye osadziwa. Koma chikanireni kuwotcherera, pagalaja yanga sanapondeponso.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Seputembala, nthawi yotentha tchire, kutatsala masabata awiri kuti Elube apite kukadikirira. Dzuwa litangokwera pang'ono, ndinamva akazi akuitanizana kunyumba kwa Kachiwanda. Elube anali atayamba kutaya magazi akusesa pabwalo. Ndinafika akumukweza kumbuyo kwa Mvuu pa matiresi, amayi awiri oyandikana nawo atamugwirira. Nthawi yosintha chitsulo panalibe. Ndinathamangira kugalaja, ndinakoka thumba lija ndi bokosi la masipanala ndi jeke, n'kudumphira kumbuyo galimoto itayamba kale kuyenda. Kachiwanda sanandifunse kanthu, sindikudziwa ngati anandiona n'komwe.

Tinadutsa dambo bwinobwino. Tinakwera chitunda. M'minda ya m'mbali mwa msewu munali utsi wa anthu ofukiza mbewa. Elube ankabuula chapansipansi, ndipo mayi wina ankamupukuta nkhope ndi chitenje. Kenaka tinayamba kutsika Gwaza, pamene msewu ndi miyala yokhayokha. Ine maso anali pa tayala lakumanzere. Pa khona yachiwiri ndinamva kuti thwa! Mphuno ya Mvuu inagwa pansi, galimoto inakhwekhwereka chammbali n'kukaima m'ngalande. Tayala linali litagona pansi pa galimoto ngati mwendo wa ng'ombe yothyoka.

Palibe anavulala. Koma tinali pakati penipeni, kumbuyo kutali, kutsogolo kutali, ndipo msewu umenewo pankatha masiku awiri osadutsa galimoto. Munthu wina amene anachokera m'munda tinamutuma kuti athamange kukafuna ngolo. Kachiwanda anatsika, anayang'ana tayala lija, n'kugwira kumutu.

Ine ndinakhuthula thumba pamsewu. Zitsulo zija zinagwa pafumbi, zikunyezimira girisi. Kachiwanda anazizindikira nthawi yomweyo, poti miyezi itatu anali akuzilota.

"Mwazitenga kuti?"

"Kwa apongozi anu. Anandipatsa okha. Zakhala pansi pa benchi langa kuyambira mwezi wa Julaye, kudikira kuti inu mungopempha."

"Pansi pa benchi limene ndinakhalapo lija?"

"Lomwelo. Gwirani jeke, tidzakamba bwino."

Sananenenso za lumbiro. Anagwada n'kuyamba kukumba ndi manja kuti jeke alowe. Koma ntchito imene pagalaja ndi ya ola limodzi, m'ngalande ndi ina. Jeke ankamira mumchenga, tinasenza miyala kuti tiikire pansi. Mkono wa tayala unali utapindika, ndinayenera kuuchotsa wonse. Bawuti imodzi inakana, poti Kachiwanda anali ataimanga mokhota, ndipo ndinaidula ndi tchizulo, zala zikuchucha magazi. Pamwamba pathu Elube ankaitana mayi ake. Kenaka anayamba kuitana motsitsa. Kachiwanda ankangoti, "Limba, Elube, tatsala pang'ono," koma osayerekeza kudzuka kuti amuone.

Chitsulo cha a Msinkhu chinalowa ngati chinabadwira pomwepo. Mabowo atatu, mabawuti atatu, osafuna ngakhale hamala. Dzuwa linali litadutsa pamutu pamene ndinkamanga nati yomaliza. Ndisanachotse sipanala, amayi aja anayamba kulira.

Sindidzaiwala kuti Kachiwanda anatsalabe chogwada, atagwira tayala ndi manja onse awiri, ngati wina amuuza kuti akalisiya ligwa. Elube anapita pamodzi ndi mwana wake, mwanayo osaona dzuwa. Ngolo inafika patapita ola lina, yopanda ntchito.

Mwa mwambo wathu, mkazi amakaikidwa kwawo. Choncho tinatembenuza Mvuu n'kulunjika ku Chimbalame. Ndinayendetsa ndine. Ana inu, galimoto ija sinayendepo bwino ngati tsiku limenelo. M'mabampu monse osagogoda, pokhota osalira. Inanyamula mtembo wa Elube mwaulemu, pa miyendo ya galimoto ya bambo ake, mpaka pakhomo pa mayi ake. Ndinkalakalaka itagogoda ngakhale kamodzi.

Titaika maliro, anthu atakhala pabwalo lomwe lija la lumbiro, a Nangondo anatuluka m'nyumba ya siwa. Anadutsa pakati pa amuna, anthu akudabwa, n'kukaima pamaso pa mkamwini wawo. Kachiwanda anafuna kutembenuka monga mwa mwambo.

"Ayi, ndiyang'aneni," anatero a Nangondo. "Zaka zisanu ndi zitatu takhala tikuthawana m'njira. Taonani chimene tasunga."

Kachiwanda anakweza maso.

"Sindikukutukwanani, bambo. Munamukonda mwana wanga, ndikudziwa. Koma ndili mtsikana ndinkapita ndi alongo anga kofukiza mbewa. Utsi ukalowa kuuna, mbewa zina zimatuluka n'kuthawa pakati pa miyendo ya anthu. Zina zimaphedwa, koma zambiri zimapulumuka. Tsono pamakhala ina imene imafika pakhomo pa una, n'kuona maso a anthu, n'kubwerera m'kati. Imeneyo pofukula timaipeza itafa yokha, yopanda bala. Inu munafika pakhomo n'kubwerera. Inenso ndinafika pakhomo n'kubwerera. A Sipanala awa chimodzimodzi. Koma utsi wathu wapha mwana wanga."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kulira. A Chikadza, amene pakamwa pawo panayambitsa zonsezi, anazemba osatsanzika.

Kachiwanda asanabwerere kuno, a Nangondo anamuuza kuti pakhomo pawo ndi pake, azibwera, ndipo zothawana zatha. Koma munthu uja manyazi ake anangosintha malo. Poyamba ankaopa kuti anthu amutcha wakuba. Tsopano ankaopa kuti akumuloza kuti ndi uja anapha mkazi wake. Anaimika Mvuu kuseri kwa nyumba, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Malonda a mtedza anasiya. Kutchalitchi anasiya. Ndinkapita kukagogoda, iye n'kuyankhira m'kati kuti ali bwino. A Nangondo anayenda wapansi kawiri konse kuchokera ku Chimbalame, atasenza ufa, n'kuima pazenera.

"Tulukani, bambo. Palibe akukuimbani mlandu. Tulukani tilire limodzi."

Sanatuluke. Chifuwa chitamugwira m'nyengo ya mvula, sanauze munthu, poti kupita kuchipatala kunali kudutsa pamsika ndi pa Gwaza. Tinathyola chitseko m'mwezi wa Malichi, titaona kuti chakudya chimene mlongo wake anasiya pakhomo chagona masiku awiri osakhudzidwa. Panja Mvuu inali chiimire, miyendo yake ili yolimba, yokhoza kumufikitsa kuchipatala m'ola limodzi ndi theka.

A Nangondo atamva uthengawo sanalire mokweza. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna." Amene anali pafupi anawamva, ndipo mawuwo anayenda mudzi ndi mudzi mpaka lero.

Tanthauzo lake ndi ili, ndipo mumve bwino, chifukwa sindibwereza. Ukakhala pa vuto, thandizo lili pafupi, usalole kuopa maso a anthu kukutseke pakamwa. Pempha. Ngati unalumbira mopusa, bweza lumbirolo, anthu adzaseka masiku awiri n'kuiwala. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu umene ukuletsa kupulumutsa munthu wasanduka utsi. Ndipo musaganize kuti mwambiwu ukunena wopempha yekha. Ukunenanso iwe amene uli ndi chinthu m'manja, ukuona mnzako akuvutika, koma ukudikira kuti ayambe ndi iye.

Mumandinena kuti ndine nkhalamba yolongolola, yolowerera za eni, yosadziwa kusunga chinsinsi. N'zoona, ndipo sindidzasintha. Ndinasungapo chinsinsi kamodzi, miyezi iwiri, pansi pa benchi. Bolojointi inayo, yakumanja, imene sitinaimange tsiku lija, ndili nayobe m'nyumbamu. Ikadali yatsopano, ndipo palibenso galimoto padziko pano imene ingalowe.